R ikakana kulumikizana ndi nkhokwe ya deta ya kampani, kapena ikabweretsa manambala okayikitsa

Lachisanu script, fayilo ya malamulo omwe munalembera R, inayenda bwinobwino. Lolemba m'mawa mwaitsegula, simunakhudze ngakhale mzere umodzi, koma R yakulavulirani mawu ofiira oyamba ndi "nanodbc". Lipoti likufunika masana omwewo, a IT akuti kwawo zonse zili bwino, ndipo mnzanu wa desiki yoyandikana akulowa m'nkhokwe yomweyo popanda chovuta. Aliyense amene amakoka deta kuchokera m'nkhokwe ya kampani kupita mu pulogalamu ya ziwerengero amaudziwa m'mawa woterewu. Ndikamba za R, pulogalamu ya ziwerengero, ndi SQL Server, nkhokwe ya deta ya Microsoft, chifukwa ndi zomwe ndagwira nazo nthawi yaitali, koma zambiri mwa izi zimakhudzanso a Stata ndi SPSS, poti nawonso kawirikawiri amawoloka pa mlatho womwewu wa ODBC, njira yomwe mapulogalamu amalankhulira ndi nkhokwe za deta.

R siilankhula ndi seva maso ndi maso. Pempho lanu limachoka mu ma package a R otchedwa DBI ndi odbc, n'kupita kwa driver manager ya kompyuta yanu, iyo n'kulipereka kwa driver ya SQL Server, kapulogalamu kodziwa kulankhula ndi sevayo, kenako lidutse pa netiweki mpaka pa seva, komwe limafunsidwanso kuti mwini wake ndani. Uthenga wofiira umatulukira mu R chifukwa ndiye pakamwa pomaliza, koma amene wakana nthawi zambiri ali kutsogolo uko. N'chifukwa chake kuchotsa R n'kuiikanso sikuchiza kanthu, ngakhale kuti ndi chimene ambirife timathamangira mtima ukakhala m'mwamba.

Muuwerenge uthengawo mpaka kumapeto. Mupezamo kachizindikiro ka zilembo ndi manambala asanu, monga IM002, 08001, 08S01 kapena 28000, komanso dzina la amene akudandaula: ODBC Driver Manager, ODBC Driver 18 for SQL Server, kapena SQL Server mwini. Ngati wodandaula ndi driver manager, pempho lanu silinatuluke n'komwe m'kompyuta yanu, ndiye kuimbira woyang'anira seva n'kumuvutitsa chabe.

Driver sikuoneka

IM002 imabwera ndi mawu akuti "Data source name not found and no default driver specified". Tanthauzo lake n'lakuti dzina lomwe mwalemba, kaya la DSN (dzina losungidwa pa kompyuta loimira seva ndi driver yake) kapena la driver, kompyutayo sikulidziwa. Mu R momwemo yendetsani odbcListDrivers() ndi odbcListDataSources(), kenako muyerekeze zomwe zatuluka ndi zomwe zili mu script yanu, chilembo ndi chilembo. Chomwe chimachitika kawirikawiri n'chakuti script inalembedwa pa kompyuta yokhala ndi ODBC Driver 17 for SQL Server, pamene laputopu yatsopano anaikamo 18. Kusiyana kwa nambala imodzi yokhayo n'kokwanira.

Pa Windows pali msampha wina wakale. Mawindo okonzera ODBC alipo awiri, la 64-bit ndi la 32-bit, ndipo mafoda ake ali ndi mayina osocheretsa: odbcad32.exe ya mu System32 ndi ya 64-bit, pamene ya mu SysWOW64 ndi ya 32-bit. Inde, mwawerenga bwino, zili chozondoka chomwecho. Kuyambira pa R 4.2.0, yomwe inatuluka mu 2022, R ya pa Windows ndi ya 64-bit yokha. Ngati DSN yanu inapangidwira Excel yakale ya 32-bit, R ingakupatseni IM014 yonena za "architecture mismatch", kapena osaiona n'komwe. Ipangeninso pa windo la 64-bit.

Nanga script yomwe imayenda mukaiyendetsa nokha koma imafa usiku Task Scheduler, yoyendetsa ntchito yokha pa Windows, ikaiyendetsa? Onani ngati DSN yanu ili pa User DSN. Yoteroyo imaonedwa ndi akaunti yanu yokha, ndipo ntchito ya usikuyo mwina ikuyenda ndi akaunti ina. Ine ndinasiya kudalira DSN. Ndimalemba driver, seva ndi database mu dbConnect momwemo, kuti script ikasamukira pa kompyuta ina ipite ndi zonse zomwe ikufuna. Pa Linux, lamulo la odbcinst -j limakuonetsani mafayilo enieni amene driver manager ikuwerenga, ndipo si kamodzi kokha pomwe ndapeza munthu akukonza odbc.ini yomwe palibe akuiwerenga.

Mukamaika driver, musatenge ija yolembedwa "SQL Server" basi, yomwe imabwera kale ndi Windows. Imalumikizana ndithu, koma ndi yakalekale, moti makolamu a mtundu wa date ndi datetime2 imawabweretsa ngati mawu wamba m'malo mwa masiku.

Njira yotsekeka, ndi nkhani ya satifiketi

Mukaona 08001 kapena "Login timeout expired", driver ilipo koma sikuifikira seva. Tulukani mu R muyesere panja. Mu PowerShell lembani Test-NetConnection, dzina la seva, kenako -Port 1433, yomwe ndi port ya SQL Server ngati sanaisinthe. Yankho likakhala False, vuto ndi VPN, firewall kapena dzina la seva, ndipo tsopano muli ndi umboni woti mupite nawo kwa a netiweki. Ngati dzina la seva yanu lili ndi mbali yachiwiri yotchula instance (imodzi mwa ma SQL Server a pa makina amodzi), kompyuta yanu imayamba yafunsa SQL Server Browser pa UDP 1434 kuti port yake ndi iti, ndipo firewall zambiri zimatseka pamenepo. Funsani nambala ya port, muilembe pambuyo pa dzina la seva ndi koma, osati ndi madontho awiri monga timachitira pa intaneti.

Vuto lomwe lagwetsa anthu ambiri zaka zaposachedwapa ndi la satifiketi. Microsoft potulutsa ODBC Driver 18 mu 2022 inasintha khalidwe lake: driver 17 sinkaumiriza kubisa deta panjira pokhapokha mutaiuza, pamene 18 imabisa yokha ndipo imafuna kuti satifiketi ya seva ikhale yodalirika. Maseva ambiri a m'kati mwa makampani ali ndi satifiketi yodzisainira okha, ndiye script yomwe yakhala ikuyenda zaka imangodzuka ikunena kuti "The certificate chain was issued by an authority that is not trusted". Aliyense akuuzani kuti muwonjezere TrustServerCertificate=yes, ndipo zimathekadi nthawi yomweyo. Koma dziwani chomwe mwachita: deta ikubisidwabe panjira, kungoti mwauza driver kuti isafunsenso ngati amene ikulankhula nayeyo ndi seva yanu yeniyeni. Pa seva yoyeserera sindingakutsutseni. Pa nkhokwe yomwe muli malipiro a antchito kapena maakaunti a makasitomala, pemphani a IT aike satifiketi yoyenera, ndipo chololeza chija chikhale cha masiku ochepa pamene mukudikira. Uthenga wachibale wake, "The target principal name is incorrect", umabwera mukalemba IP kapena dzina lachidule pamene satifiketi ili ndi dzina lonse la seva.

Mwafika pakhomo koma sakukutsegulirani

"Login failed for user", nambala 18456, ndi uthenga womana zambiri mwadala. Seva sifuna kuuza mlendo ngati cholakwika ndi dzina kapena pasiwedi. Chifukwa chenicheni chimalembedwa mu error log ya seva, pa nambala yotchedwa state: 5 ndi dzina losadziwika, 8 ndi pasiwedi yolakwika, 38 ndi database yomwe mwatchula koma simungaitsegule. Mutumizireni woyang'anira seva nthawi yeniyeni yomwe munayesa, iye akuwerengerani state m'kamphindi.

Musanamutumizire, ganizirani ngati pasiwedi inasinthidwa posachedwa. Yakale imatsalira mu fayilo ya .Renviron kapena mu keyring yosungira mapasiwedi, ndipo .Renviron imawerengedwa pamene R ikuyamba, choncho mukaikonza muyambitsenso R. Pasiwedi yokhala ndi semikoloni imadula connection string pakati ngati sinakutidwe bwino. Amene mumalowa ndi akaunti ya Windows mukaona "Cannot generate SSPI context", onani wotchi ya kompyuta yanu, chifukwa Kerberos, amene amatsimikiza kuti ndinu ndani, salola kusiyana kopitirira mphindi 5 ngati sanasinthe malamulo ake. Laputopu yomwe yakhala nthawi yaitali osalowa pa netiweki ya ku ofesi imachita zimenezi. Pa Linux, klist ikuuzani ngati tikiti yanu inatha, ndipo kinit ikupatsani ina.

"Invalid object name" sikutanthauza kuti tebulo lafufutidwa. Nkhokwe zambiri zimagawa matebulo m'ma schema, ndipo mukangotchula tebulo lokha seva imaliyang'ana mu schema yanu yanthawi zonse, yomwe kawirikawiri ndi dbo. Tchulani schema pogwiritsa ntchito Id ya DBI kapena in_schema ya dbplyr, package yomasulira malamulo a R kukhala SQL.

Zalumikizana, koma zikufera panjira

Apa cholakwa chachikulu ndi dyera. Munthu amalemba SELECT ya nyenyezi (SELECT *, yokoka makolamu onse) pa tebulo la malonda a zaka khumi, akufuna kuti akasefere mu R. Koma R imasunga chilichonse mu memory, ndiye mwina imakuuzani "cannot allocate vector of size", kapena VPN imaduka kaye n'kukusiyirani 08S01, "Communication link failure". Nkhokwe simuinyamula yonse kupita nayo kukhitchini, mumatapa za tsikulo. Sefani, phatikizani ndi kuwonkhetsa pa seva, mu R mubwere zotsatira zokha. Ndi dbplyr, tebulo lomwe mwatsegula ndi tbl() silinakokedwe ayi, ndipo chilichonse mukulemba chimasanduka SQL mpaka mutaitana collect(). Choncho collect() ikhale kumapeto, ndipo musanaiitane yang'anani show_query() muone chomwe chikutumizidwa.

08S01 imabweranso mukasiya R yotsegula n'kupita ku nkhomaliro. Firewall zambiri zimadula mwakachetechete kulumikizana komwe kwakhala duu, koma R imaganizabe kuti chingwe chilipo. Lumikizani pamene mukufuna kukoka, mukatha mutseke ndi dbDisconnect. Pa Shiny, yopangira masamba a intaneti mu R, gwiritsani ntchito package ya pool, ntchito yake ndi yomweyi.

Pali kenanso kodabwitsa, 07009, "Invalid Descriptor Index". Driver ya Microsoft imafuna kuti makolamu a mawu aatali opanda malire, aja a varchar ndi nvarchar olembedwa max, awerengedwe pambuyo pa anzake onse. Ikani package ya odbc yatsopano, ndipo zikapitirira, tchulani makolamu m'modzim'modzi, aataliwo akhale kumapeto.

Pamene palibe uthenga wofiira

Zonse ndakambazi n'zokwiyitsa koma n'zachilungamo, chifukwa zimakuuzani kuti zalephera. Zomwe zimandisowetsa tulo ndi zija zomwe deta imafika, tebulo likuoneka bwino, lipoti n'kupita kwa abwana, koma manambala ali olakwika. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Ndiyambe ndi nthawi, chifukwa inandichititsapo manyazi. Pa kampani ina yomwe ndinkathandiza, malonda a mwezi mu lipoti langa ankasiyana pang'ono ndi a ku akaunti, mwezi ndi mwezi, koma pa chaka chonse kusiyanako kunkatsala pang'ono kuzimiririka. Ndinafufuza ma join, momwe ndinkaphatikizira matebulo, ndinakayikira anzanga a ku akaunti, mpaka tsiku lina ndinatenga lisiti limodzi n'kuliyerekeza ndi mzere wake mu R. Linali la usiku pa tsiku lomaliza la mwezi, koma mu R linkaoneka la pa 1 mwezi wotsatira. Kolamu ya datetime mu SQL Server sinena kuti nthawiyo ndi ya dziko liti. Package ya odbc, mukapanda kuiuza, imaganiza kuti seva ikusunga UTC, nthawi yoyendera dziko lonse lapansi. Seva ija inkasunga nthawi ya kuno, yomwe ili patsogolo pa UTC ndi maola awiri, ndiye script yanga potembenuzira ku nthawi ya kuno inkawonjezera maola awiri pa nthawi yomwe inali kale yolondola. Chilichonse chogulitsidwa kuyambira 10 koloko usiku chinkalumphira tsiku lotsatira. Mankhwala ake ndi kufunsa eni nkhokwe kuti amasunga nthawi iti, kenako kuika timezone ndi timezone_out mu dbConnect, monga "Africa/Blantyre" kapena "Africa/Lusaka". Mukamasandutsa nthawi kukhala tsiku ndi as.Date, ipatseninso tz poyera. Anzathu a ku London ndi Manchester ali ndi mtolo wina pamwamba pake, poti wotchi yawo imasintha kawiri pa chaka.

Manambala aakulu nawo ali ndi zawo. Integer ya R imathera pa 2147483647, pamene bigint ya SQL Server imapitirira kutali. Package ya odbc imabweretsa bigint ngati integer64 ya package ya bit64, yomwe imabisa nambalayo m'kati mwa double. Ikadutsa mu function yosaidziwa, chovala chimavuka ndipo 1 amaoneka ngati 4.94e-324. Mukaona timanambala totere mu kolamu ya ID, deta sinaonongeke pa seva, yangowerengedwa molakwika. Ena amathawira ku bigint = "numeric", koma double imasunga molondola manambala athunthu mpaka 9007199254740992 basi, ndipo kupitirira apo ma ID awiri osiyana angathe kusanduka amodzi, join n'kuphatikiza makasitomala osadziwana. ID simuiwonkhetsa, choncho ibwere ngati mawu: bigint = "character", kapena CAST mu SQL momwemo. Nambala za foni zoyamba ndi 0 nazonso zikhale mawu kuyambira ku seva mpaka mu lipoti.

Kenako masamu eni ake. Mu R, 7 kugawa ndi 2 ndi 3.5. Mu SQL Server, manambala onse awiri akakhala integer, yankho ndi 3. AVG ya kolamu ya integer imabwezanso integer, ndiye avereji ya ana pa banja yomwe ikanakhala 4.7 imatuluka 4, popanda chenjezo lililonse. Sandutsani kolamuyo kukhala float musanagawe. SQL imadumpha NULL powerengera avereji, pamene mean() ya R imabweza NA ikapeza malo opanda kanthu. Kunena zoona khalidwe la R ndimalikonda, chifukwa limakukakamizani kufunsa kuti mizere yopanda kanthuyo ndi ingati. Muwerenge nokha ma NULL musanakhulupirire avereji yochokera ku seva. Pa standard deviation, yofanana ndi sd() ya R ndi STDEV, osati STDEVP.

Mayina a malo ndi a anthu amasokonezanso. Maseva ambiri a SQL Server anakonzedwa kuti asasiyanitse zilembo zazikulu ndi zazing'ono, ndipo poyerekeza mawu salabadira mipata ya kumapeto. Kwa seva, "Zomba", "ZOMBA" ndi "Zomba" ya mpata kumapeto ndi boma limodzi. Kwa R ndi maboma atatu. Mukawonkhetsa pa seva mupeza magulu ochepa, mukawonkhetsa mu R mupeza ambiri, ndipo mbali zonse zikunena zoona monga mwa malamulo ake. Yeretsani ndi trimws ndi toupper musanagawe m'magulu.

Ife tilinso ndi chilembo chathu cha ŵ. Kolamu ya varchar yomwe ili pa code page 1252, yofala kwambiri pa maseva oikidwa m'Chingerezi, ilibe malo a ŵ, moti chimasungidwa ngati w wamba kapena chizindikiro chofunsira. Chikatayika polowa m'nkhokwe, palibe chomwe mungachite mu R kuti chibwerere, ndi nkhani yoti eni nkhokwe asinthe kolamuyo ikhale nvarchar, kapena agwiritse ntchito UTF-8 yomwe SQL Server inayamba kulola mu 2019. Koma ngati mu Management Studio, pulogalamu yoonera SQL Server, dzina likuoneka bwino, mu R n'kumaoneka zilembo zachilendo, vuto lili panjira: onani encoding mu dbConnect, ndipo ngati R yanu ya pa Windows ndi yakale kuposa 4.2.0, ikwezeni, chifukwa kuyambira pamenepo imagwiritsa ntchito UTF-8.

China chomwe a ziwerengero amaiwala: SQL silonjeza dongosolo la mizere ngati simunalembe ORDER BY. Mungaike set.seed mosamala, koma ngati mizere yafika mosiyana ndi dzulo, sample yanu ikhala ina. Sanjani ndi ID mu R musanasankhe.

Deta yamoyo imayenda

Tinapempha tokha kuti tizikoka deta yamoyo m'malo modikira CSV ya mlungu watha, ndipo walira mvula walira matope. Nkhokwe imadzazidwa pa nthawi zake, kawirikawiri usiku, ndipo mukakoka ntchitoyo ili m'kati mungapeze tebulo la malonda lili ndi za dzulo pamene la makasitomala likadali ndi za dzana. Inner join imangotaya mizere yopanda mnzake osanena kanthu. Funsani nthawi yomwe kudzazako kumatha, ndipo ngati pali tebulo lolemba kuti kwatha, script yanu iziyamba yaliyang'ana. Werengani mizere musanachite join ndi pambuyo pake. Ikachepa, yataika ina. Ikachuluka, tebulo linalo lili ndi mizere ingapo pa kasitomala m'modzi, zomwe zimachitika nkhokwe ikamasunga mbiri ya kusintha kwa adiresi kapena nthambi, ndipo muyenera kusankha mzere womwe unali wogwira ntchito pa tsiku la malondawo.

Query ikamachedwa chifukwa yatsekerezedwa ndi ntchito yodzaza, wina akulangizani kuti muike NOLOCK, yowerenga osadikira kuti ntchitoyo ithe. Imathamangadi, koma imawerenga ndi zomwe sizinatsimikizidwe, ndipo ingawerenge mzere kawiri kapena kuudumpha. Pa lipoti la ndalama musayerekeze. Pemphani kuti akupatseni seva ina yowerengera yokha, kapena ayatse snapshot isolation.

Ngakhale zonse zili bwino, nambala ya mwezi watha ingasinthe mawa, chifukwa katundu wobwezedwa ndi zokonza za ku akaunti zimalowa mochedwa. Abwana akadzafunsa miyezi itatu kutsogolo kuti nambala ija munaitenga kuti, kuyendetsanso script kukupatsani ina. Choncho pa kusanthula kulikonse komwe kudzatuluke m'ofesi, ndimakoka kamodzi, n'kusunga zomwe ndakokazo mu fayilo ya Parquet kapena RDS yokhala ndi tsiku ndi nthawi m'dzina lake, pamodzi ndi SQL yomwe inapita ku seva, chiwerengero cha mizere, ndi zotuluka mu sessionInfo(). Model imawerenga fayilo imeneyo, osati seva. Fayiloyo isungidwe pamalo omwe kampani imalola, osati pa flash kapena pa laputopu yopita nayo kunyumba, chifukwa ikangotuluka m'nkhokwe, zitseko zonse zomwe a IT anaika pa seva sizikuitetezanso.